Hardcore: gule wothamanga amene akatswiri ankamunyoza

Mukafunsa okonda nyimbo zovina awiri, wina wa ku London wina wa ku Rotterdam ku Netherlands, kuti hardcore n'chiyani, mumva mayankho awiri osiyana, ndipo palibe amene akhale akunama. Wa ku London akuuzani za ng'oma zodukaduka zothamanga, piyano yosangalatsa, mawu a mzimayi okwezedwa mpaka kumveka ngati a kamwana, ndi besi yolemera yobwerekedwa ku reggae. Wa ku Rotterdam akuuzani za ng'oma imodzi yokha, yaikulu, yaphokoso, yogunda osapumira mpaka mbandakucha. Mitundu iwiriyi inabadwa nthawi imodzi, pakati pa 1990 ndi 1992. Chimene chimailumikiza ndi liwiro, komanso mtundu wa anthu amene ankaivina: ana a anthu wamba, ogwira ntchito m'mafakitale, pamadoko, m'masitolo, ndi ena osowa ntchito. Olemba za nyimbo m'magazini komanso ma DJ otchuka a nthawiyo ankati limeneli ndi phokoso la ana osadziwa kanthu. Koma mukayang'ana zimene zinatuluka m'phokosomo, mupeza kuti akatswiriwo ndiwo anaphonya.

Gwero lake lili ku America. M'zaka za m'ma 1980, ku Chicago kunabadwa house, m'makalabu a anthu akuda monga Warehouse kumene Frankie Knuckles ankaimbitsa zimbale, ndipo ku Detroit anyamata atatu, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, anayambitsa techno. Zipangizo zawo zinali makina a kampani ya ku Japan ya Roland amene sanayende malonda ali atsopano ndipo ankapezeka motchipa kwa ogulitsa zakale: TR-808 ndi TR-909 zoimba ng'oma, ndi TB-303 yomwe inapangidwa kuti izilowa m'malo mwa gitala ya besi koma inalephera ntchitoyo. Gulu la Phuture linapotoza timabatani ta 303 mpaka inayamba kulira mwachilendo, ndipo mu 1987 linatulutsa "Acid Tracks". Apo ndi pamene panayambira acid house. Liwiro la nyimbozi linali cha m'ma 120 pa miniti, kutanthauza kuti ng'oma inkagunda kawiri pa sekondi iliyonse. Sungani nambala imeneyi, chifukwa nkhani yonse ya hardcore ndi ya mmene inakwerera.

Ku Britain nyimbozi zinafika pamodzi ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa ecstasy. Mu 1987 ma DJ angapo a ku London, kuphatikizapo Paul Oakenfold ndi Danny Rampling, anakacheza pachilumba cha Ibiza ku Spain, n'kubwerako atatengeka ndi zimene anaona ku kalabu ya Amnesia. Rampling anatsegula kalabu ya Shoom kumapeto kwa chaka chomwecho, m'chipinda chochitiramo masewero olimbitsa thupi. Ku Manchester kunali kalabu ya Haçienda. Pofika 1989 anthu sankakwananso m'makalabu, ndipo mchezo unasamukira m'minda, m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'mabwalo a ndege osiyidwa, makamaka m'mbali mwa msewu wa M25 wozungulira London. Malo a dansi sankalengezedwa. Munthu ankagula tikiti yokhala ndi nambala ya foni, usiku n'kumaimba kuchokera pafoni ya pamsewu kuti amve kokumana, kenako mdipiti wa magalimoto n'kunyamuka apolisi ali pambuyo. Boma linayankha mu 1990 ndi lamulo lokweza chilango cha okonza madansi opanda chilolezo kufika pa mapaundi 20,000 kapena miyezi 6 kundende.

Lamuloli silinathetse madansi akuluakulu ochezerawa, otchedwa rave. Linangoikankhira m'manja mwa makampani okhala ndi chilolezo monga Raindance, Fantazia ndi Dreamscape, amene ankasonkhanitsa anthu zikwizikwi usiku umodzi. Apa m'pamene anthu oyambirira aja, amene ankadziona ngati eni ake a gule, anayamba kunyansidwa. Ankati dansi yadzaza ndi anyamata ovula malaya, otuluka thukuta, oimba mawezulo. Oyambirirawo anabwerera m'makalabu ang'onoang'ono osankha anthu pakhomo. Otsalawo anatenga dzina lakuti hardcore n'kulinyadira.

Mmene ana a ku London anathyolera ng'oma

Achinyamata ambiri a ku London, Essex ndi Bristol sanakulire mu disco ngati anzawo a ku Chicago. Anakulira mu hip hop ndi m'masipika akuluakulu a reggae amene makolo ochokera ku Jamaica anabwera nawo. Kwa iwo ng'oma ya house, yogunda mofanana kanayi kanayi, inali yosakwanira. Choncho anayamba kutenga breakbeat, kachigawo ka nyimbo yakale ya funk kapena soul pamene zoimbira zonse zakhala chete n'kutsala woimba ng'oma yekha, n'kukathamangitsa kuti kagwirizane ndi house. Awiri a ku Hackney otchedwa Shut Up and Dance anali m'gulu la oyamba kuchita zimenezi.

Kachigawo kotchuka kuposa tonse ndi Amen break. Ndi masekondi 6 kapena 7 okha, ochokera m'nyimbo ya 1969 ya gulu la ku America la The Winstons yotchedwa "Amen, Brother". Woimba ng'omayo anali Gregory Coleman. Masekondi akewo alowa m'nyimbo zikwi zambiri, koma iye anamwalira mu 2006 ali wosauka, osalandirapo kanthu. Nkhani ya rave ikamakambidwa mokoma, ngongole imeneyi siyenera kuiwalika.

Kuti mumvetse chifukwa chake hardcore ya ku Britain imamveka mmene imamvekera, lowani m'chipinda chogona cha mnyamata wa 1991. Pa tebulo pali kompyuta ya Atari ST kapena Amiga, pambali pali sampler ya Akai, makina ojambula kachigawo ka mawu n'kukabwereza mukadina kiyibodi. Makinawa ankasunga masekondi ochepa chabe, ndipo njira yapafupi yothamangitsira kachigawo inali kukaimba pa kiyi yokwera. Koma liwiro likakwera, mawu nawonso amakwera, monga zimachitikira tepi ikamazungulira mothamanga. Ndiye mzimayi wa mawu okhwima wa nyimbo ya soul ankasanduka kamwana kolira, ng'oma n'kumathetheka. Katswiri wa mu situdiyo akanati pamenepo palakwika. Anyamatawo anamva kukoma n'kusiya momwemo. Pofika 1992 nyimbo zambiri zinali zitadutsa 140, zina zikuyandikira 150 ndi kupitirira.

Chinthu china chinachokera ku Belgium, kumene kampani ya R&S ya mumzinda wa Ghent inkatulutsa techno yaukali. Mnyamata wa ku New York, Joey Beltram, anatulutsira komweko "Energy Flash" mu 1990, ndipo chaka chotsatira iye ndi mnzake anapanga "Mentasm". M'nyimbo yachiwiriyi muli kulira kwina kwa kiyibodi ya Roland Alpha Juno, kokokeka, kowopseza, komwe anthu anakutcha hoover poyerekeza ndi makina opopera fumbi m'nyumba. Kulira kumeneku kunabedwa ndi aliyense, ku London ndi ku Rotterdam komwe, ndipo mpaka lero kukamveka mumadziwa kuti wopanga nyimboyo akulozera ku rave.

Nyimbozi sizinkadikira wailesi za boma. Zinkayenda pa mawailesi opanda chilolezo monga Kool FM, yomwe inayamba mu 1991, okhala ndi milongoti yobisika pamadenga a nyumba zosanjikizana. Zinkayendanso pa makaseti ojambulidwa ku dansi, ogulitsidwa m'mapaketi. Ku reggae kunachokera MC, wolankhula pa maikolofoni kukoleza moto, komanso chizolowezi chobwezera nyimbo poyambira anthu akaikuwira, ndi dubplate, chimbale chimodzi chokha chodulidwira DJ kuti aimbe nyimbo imene wina aliyense alibe. M'bwalo munali magolovesi oyera, mawezulo, malipenga, ndi fungo la Vicks amene ovina ankadzola pachifuwa. Ku kalabu ya Rage, ma DJ Fabio ndi Grooverider ankasakaniza zonsezi Lachinayi lililonse. Kunena zoona, ndi malo ochepa ku Britain ya nthawi imeneyo kumene mwana wa mzungu wosauka ndi mwana wa Mjamaika ankavina limodzi mpaka kucha.

Kenako ndalama zinanunkhira. Mu 1991 The Prodigy, gulu la Liam Howlett wa ku Braintree, linafika pa nambala 3 pa ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ndi "Charly", yomwe inatenga mawu a mphaka wa m'katuni yophunzitsa ana kupewa ngozi. Ena anaona kuti njira ndi imeneyi, n'kuyamba kuthira ng'oma pa nyimbo za mapulogalamu a ana a pa TV. Magazini ya Mixmag inafika pofunsa pachikuto chake mu 1992 ngati "Charly" ndiyo inapha rave. Funsolo linali lopanda chilungamo, koma likuonetsa mmene zinthu zinalili: hardcore inali paliponse, ndipo onyoza anapeza pogwira.

Chaka chomwecho, mu Meyi, anthu pakati pa 20,000 ndi 40,000 anasonkhana pa Castlemorton Common ku Worcestershire, n'kuvina pafupifupi sabata yathunthu popanda chilolezo. Anthu 13 a Spiral Tribe, gulu lokonza madansi aulere ndi masipika awoawo, anaimbidwa mlandu, ndipo patapita nthawi khoti linawapeza osalakwa. Koma boma la John Major linali litapsa mtima. Lamulo la Criminal Justice and Public Order Act la 1994 linapatsa apolisi mphamvu zobalalitsa anthu 100 kapena kuposerapo osonkhana panja usiku kumvera nyimbo, ndipo linachita kufotokoza nyimbozo kuti ndi zodziwika ndi kugunda kobwerezabwereza. Si kawirikawiri nyumba ya malamulo kukhala pansi n'kulemba mmene nyimbo yoletsedwa imamvekera. A Spiral Tribe anawolokera ku France ndi masipika awo, kumene anathandiza kuyambitsa madansi aulere otchedwa teknival.

Pamene zimenezi zinkachitika, hardcore inali ikung'ambika yokha. Mapilisi ogulitsidwa ngati ecstasy anayamba kusakanizidwa ndi zina, ndipo amene anamwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu anapeza kuti chisangalalo chija chatha, kwatsala mantha ndi kusowa tulo. Nyimbo zinatsatira. Chakumapeto kwa 1992 ndi mu 1993 kunabwera darkcore, yochotsa piyano n'kuikamo mawu a m'mafilimu oopsa. Goldie, 4hero ndi kampani ya Reinforced anali patsogolo. Ng'oma za Amen zinadulidwa tizidutswa n'kusanjidwa mwatsopano, besi ya reggae inakula, ndipo pofika 1994 mtunduwu unali ndi dzina lakelake, jungle, womwe pambuyo pake unatchedwa drum and bass. Mu 1997 Roni Size ndi gulu lake la Reprazent analandira mphoto ya Mercury, ndipo magazini omwe aja ankaseka hardcore anayamba kulemba za luso lakuya. Wolemba wina, Simon Reynolds, anaonetsa kuti mzere womwewo wa mawailesi obisika, ma MC ndi besi ndi umene unadzabala UK garage, grime ndi dubstep.

Amene sanafune mdimawo anatenga njira ina. Anasunga piyano ndi mawu a kamwana, anabwezeretsa ng'oma yogunda kanayi, n'kukweza liwiro kufika cha m'ma 170. Imeneyi ndiyo happy hardcore ya Slipmatt, Dougal, Vibes, Hixxy ndi Force & Styles, yomwe likulu lake linali holo ya Sanctuary ku Milton Keynes, ndipo zimbale za Bonkers, zoyamba mu 1996, zinailowetsa m'nyumba zambiri. Ku Scotland, madansi a Rezerection ndi nyimbo za Scott Brown zinali zolimba kuposa za kumwera, zoyandikira za ku Netherlands. Palibe mtundu wa nyimbo zovina umene wasekedwa ngati happy hardcore, ndipo ina mwa iyo ndi yotsekemera mopitiriza, ngakhale oikonda amavomereza. Komabe m'matauni ang'onoang'ono a kumpoto kwa England ndi ku Scotland sinafepo.

Rotterdam ndi ng'oma yophwanyidwa dala

Tsidya lina la nyanja nkhani inayenda mosiyana. Ambiri amati nyimbo yoyamba ya hardcore techno ndi "We Have Arrived" ya 1990, ya Marc Acardipane wa ku Frankfurt, yemwe anaitulutsa pa dzina la Mescalinum United. Lenny Dee anaitulutsanso ku New York pa kampani yake ya Industrial Strength. Koma kumene mbewuyi inamera bwino ndi ku Rotterdam.

Rotterdam ndi mzinda wa doko, lalikulu kuposa onse ku Ulaya, umene pakati pake panaphwasulidwa ndi mabomba mu 1940. Anthu ake amadziona ngati ogwira ntchito, ndipo amaona a ku Amsterdam ngati odya ndalama ndi odzimva. Mkanganowu umaonekera pa mpira, Feyenoord ikakumana ndi Ajax, ndipo unalowanso m'nyimbo. Manyuzipepala akamalemba za house ankangotchula Amsterdam ndi makalabu ake a anthu ovala bwino. Ma DJ a ku Rotterdam, monga a ku kalabu ya Parkzicht, anayankha ndi nyimbo zaukali dala. Mu 1992 Paul Elstak anatsegula Rotterdam Records, ndipo imodzi mwa nyimbo zake zoyamba, ya gulu la Euromasters, mutu wake unali funso lachipongwe lofunsa kuti kodi Amsterdam ili kuti. Mtunduwu unatchedwa gabber.

Chinsinsi cha gabber chili pa ng'oma yaikulu ya TR-909. Mwachibadwa imalira mofewa. Anyamatawa ankailowetsa mu mikisa n'kukweza mphamvu mpaka magetsi ofiira onse kuyaka, mawu n'kuphwanyika. Ikaphwanyika chotero, ng'oma imasiya kukhala kugunda chabe, imakhala ndi kulira kwake kotalika komwe mungakweze kapena kutsitsa, mwakuti imagwira ntchito ya ng'oma ndi ya besi nthawi imodzi. Ikamagunda ka 180 pa miniti, katatu pa sekondi, imamveka ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi mopikisana, misi ikulandizana osaphonya. Kavinidwe kake, hakken, n'koponda timasitepe tating'ono tothamanga, chidendene ndi chala, mikono ikumenya mphepo.

Gabber inakula kuposa nyimbo. Inakhala mtundu wa anthu: anyamata ometa mpala, atsikana ometa m'mbali n'kumanga tsitsi lapamwamba kumbuyo, mathilakisuti a mtundu wotchedwa Australian, nsapato za Nike Air Max. Dansi ya Thunderdome, yomwe inayamba mu Okutobala 1992 m'bwalo la masewero a pa ayezi la Thialf ku Heerenveen, inakhala chikondwerero chawo chachikulu, ndipo ma CD ake ankagulitsidwa ngakhale kunja kwa dziko. Kampani imene inaikonza, ID&T, inayambitsidwa ndi anyamata atatu, ndipo inadzakhala imodzi mwa makampani akuluakulu a madansi pa dziko lonse. Pa nkhani ya mankhwala, boma la Netherlands linasankha njira yosiyana ndi Britain: kuyambira 1992 linakhazikitsa dongosolo loyeza mapilisi kuti anthu adziwe zimene zili m'kati. Izi sizinachotse ngozi. M'maiko onsewa achinyamata ena anafa chifukwa cha kutentha kwa thupi, kusowa madzi, kapena kumwa madzi ochuluka mopitirira.

Mitu yometayo inabweretsa vuto lina. Kagulu kena ka ovina kanayamba kuonetsa zizindikiro za tsankho ndi kuimba nyimbo zonyoza za ku mpira, ndipo manyuzipepala anapaka gabber yonse matope omwewo. Tsankholo linalipodi, sitingalikane. Koma ena mwa ma DJ okondedwa kwambiri, monga The Darkraver, anali akuda, ndipo kampani ya Mokum ya ku Amsterdam inkasindikiza pa zimbale zake mawu otsutsa tsankho ndi chifasizimu.

Chimene chinagwetsa gabber si apolisi ayi, koma kuseka. Pofika 1995 ndi 1996 inali italowa pa wailesi ndi pa TV, Elstak mwiniwake akupanga nyimbo zofewa zokomera aliyense. Kenako kunabwera nyimbo zoiseka, yotchuka kwambiri ya Gabber Piet, ndipo otsatsa malonda anayamba kugwiritsa ntchito mnyamata wampala wa thilakisuti ngati chidole. Wachinyamata amapirira kutukwanidwa, koma kusekedwa ndi ang'ono ake a ku pulayimale n'kovuta. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ambiri anali atasunga tsitsi.

Otsala anabwerera pansi n'kuyambiranso. Ena anachepetsa liwiro kufika cha m'ma 150, n'kusakaniza ndi mtundu wina wa nyimbo zovina wotchedwa trance yolimba, ndipo mmenemo munatuluka hardstyle, yomwe chikondwerero chake cha Defqon.1, choyamba mu 2003, chimasonkhanitsa anthu zikwi makumi ambiri. Ena, monga a Masters of Hardcore ndi Angerfist, anapitiriza ndi ng'oma yolemera komanso yakuda kuposa kale. Ku France kunamera frenchcore, yothamanga cha m'ma 200, ku Japan kunabadwa J-core yosakaniza hardcore ndi mawu a makatuni akumeneko, ndipo kuli speedcore imene imadutsa 300, pamene khutu limayamba kulephera kulekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake. Gulu la ku Germany la Scooter, lomwe otsutsa sanalilemekezepo, linachotsa Madonna pa nambala 1 ya zimbale ku Britain mu 2008.

Masiku ano, ma DJ a ku Ulaya akamafuna nyimbo zothamanga zatsopano, ena amayang'ana ku Africa kuno. Singeli ya ku Dar es Salaam imathamanga kuposa gabber, nthawi zambiri kudutsa 200, ndipo chikondwerero cha Nyege Nyege cha ku Uganda chaithandiza kufika m'makalabu a ku Berlin ndi London. Olemba ena amafulumira kuitcha gabber ya ku Africa, koma kumeneko n'kulakwitsa. Singeli inachokera ku taarab, mchiriku ndi magule a m'maukwati a m'makwalala a Dar es Salaam, ndipo sinapemphe liwiro kwa aliyense. Kufanana kulipo n'kwa mmene zinabadwira: achinyamata a m'madera osauka, kompyuta yotchipa, MC pa maikolofoni, ndi anthu apamwamba akutseka makutu.

Thunderdome inatsekedwa mu 2012, koma inabwereranso mu 2017 pokumbukira zaka 25, ndipo ikuchitikabe. Techno ya m'makalabu a ku Ulaya, yomwe kwa zaka zambiri inkayenda cha m'ma 125 mpaka 130, yathamanganso kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, ndipo hoover ndi ng'oma zophwanyika zabwerera m'manja mwa ana amene anabadwa rave itatha kale. Ku Netherlands achinyamata ambiri akonda uptempo, yodutsa 200, ya ng'oma zolira mokwera ngati chitsulo. Pa madansi akuluakulu amaipatsa bwalo lakelake, ndipo ma gabber akale, amene tsopano ali ndi zaka zakubadwa cha m'ma 50, amene amadzaza bwalo la nyimbo za m'ma 1990, amadandaula kuti za anawo n'zothamanga mopitirira muyeso.